Peyala Lakugwa Lokha

"Njere iyi yachokera kuti, make Madalo?"

Elson, mwamuna wanga, anaima pakhomo la khitchini atapanira njere ya peyala pakati pa zala ziwiri, ngati wapolisi amene watola chipolopolo. Inali yotuwa ndi phulusa. Ndinaikwirira ndekha pamoto dzulo lake, koma njere ya peyala siipsa msanga.

"Ndi njere basi," ndinatero.

"Maso ndili nawo. Ndikufunsa mnofu wake uli kuti."

"Uli m'mimba mwa mwana wanu."

Anasuzumira kunja, kenaka analowa n'kutsitsa mawu. "Ukufuna kundiphetsa? Ine ndine wachiwiri kwa tcheyamani wa msika. Ndinenso mkamwini pano. Amalume ako akamva kuti m'nyumba mwanga mwapezeka njere, anena kuti wakuba ndani?"

"Linagwa lokha. Linagwera kuseri kwa bafa. Ndinalivundika m'thumba la madeya masiku anayi."

"Masiku anayi! Ndiye kuti unachita kukonzekera."

Madalo anali kumsana kwanga. Anali ndi chaka ndi miyezi iwiri, ndipo akamva mawu a bambo ake ankagunda msana wanga ndi kadzanja kake. Ndinkamva kugundako kukupepuka sabata ndi sabata, koma aliyense amene ndinkamuuza ankati ndine wamantha chibadwire. Ndi zoona, ndine wamantha. Ndimadzuka kukaona ngati chitseko ndatseka ngakhale ndikudziwa kuti ndatseka. Koma mkuzi wa m'chiuno mwa mwana ulibe mantha, ndipo unali utayamba kutsetsereka.

Amayi anatulukira atanyamula makapu awiri apulasitiki. "Phokoso la chiyani m'mawa uno? Minibasi ya Muloza yatsala pang'ono kufika inu mukukangana."

"Apongozi, palibe kanthu," anatero Elson akubisa dzanja kumbuyo.

"Ndamudyetsa Madalo peyala, amayi."

Amayi anaika makapu pansi. "Lalikulu?"

"Amayi, ndi mdzukulu wanu!"

"Ndikudziwa kuti ndi mdzukulu wanga, ndinamusambitsa ndine. Ndangofunsa kukula kwake. Cecilia mwananga, mpamba sadya. Tikangomaliza malata a nyumba iyi, mwanayu adzadya mpaka kukana."

Awa anali amayi omwe aja amene sabata zisanu ndi ziwiri zapitazo anathamangira minibasi mpaka kumtsinje kukabweza ndalama. Mvula ya mu Febuluwale itakokolola kalavati pamsewu wochokera ku Thuchila, magalimoto anayamba kulambalala kudzera kuseri kwa nyumba yathu, ndipo chifukwa cha matope ankachita kukwawa pansi penipeni pa mtengo wathu wa mapeyala. Tsiku loyamba mayi wina wa m'minibasi anapempha madzi pawindo. Amayi anamupatsa madzi ndi mapeyala awiri apaulendo. Mayiyo anaponya ndalama pansi, ndipo amayi anakwiya: "Wandiona ngati ndani? Madzi amagulitsa?" Sanaipeze minibasiyo. Anabwerera akupuma movutikira, ndalama ili m'manja, n'kuiyang'ana nthawi yaitali. M'mawa mwake anatulutsa tebulo.

Pofika sabata yachitatu pabwalo pathu panali nthochi, zinanazi, kalongonda wophika, makaka, tchipisi, kaunjika, ndi munthu wina wometa tsitsi amene palibe ankadziwa kwawo. Ku sekondale aphunzitsi anatiuza kuti msika umabadwa pamene munthu ali ndi zotsala ndipo mnzake akuzisowa. Ndinalemba zimenezo pamayeso ndipo ndinakhoza. Sanatiuze kuti zotsala zikatha, msika umalowa m'khitchini. Mazira anapita, nsinjiro zinapita, nthochi zinapita. Madalo anatsala ndi phala loyera ndi bere langa.

Amalume Pilato, mchimwene wa amayi, mwinimbumba wathu, anamva nkhani ya njere dzuwa lisanakwere. Anabwera atavala tayi pamwamba pa malaya a mpira, pakuti chiwasankhireni kukhala tcheyamani tayi sankavula.

"Mphwanga, ndamva kuti wayamba kudya chuma cha mbumba."

"Amalume, mwambo wa mtengo uno mukuudziwa. Lothyola ndi la mwini mtengo, lakugwa lokha ndi la mwana. Inuyo munakula ndi mapeyala akugwa okha. Amayi amati munkagona pansi pa mtengowu mutayasamula."

"Mwambo ndimaulemekeza kwambiri ine," anatero akukonza tayi. "Ndiye chifukwa chake sindinauphwanye. Tayang'ana m'mwamba."

Sindinafunike kuyang'ana. Pansi pa nthambi zonse anali atamangapo maneti a udzudzu, kusoka limodzi ndi linzake mpaka kuzungulira mtengo wonse. Anasonkhanitsa a m'nyumba zonse za mbumba, ndi la Madalo lomwe. Peyala likathothoka linkagwera mu neti, n'kumalendewera pamenepo.

"Mwambo umati lakugwa pansi," anatero amalume. "Pansi ndi apa ndapondapa. Limene lili mu neti lagwa? Silinagwe. Lili paulendo. Ndipo katundu wa paulendo ndi wa komiti ya msika."

"Ili linafika pansi."

"Ndiye kuti neti labooka. Elson, usoke lero. Kuseri kwa bafa."

"Chabwino, atcheya."

"Mwana akuonda, amalume."

"Akutalika. Mwana akamatalika amaoneka choncho. Wamuyeza?"

"Ndimuyeza kuti? A zaumoyo munawathamangitsa."

"Sindinathamangitse munthu! Ndinangowauza mtengo wa nthambi."

Zinalidi choncho. Kuyambira kale sikelo ya ana inkachitikira pansi pa mtengo wathu mwezi uliwonse. A zaumoyo ankakoloweka sikelo yawo panthambi yopindika ya kum'mawa, ife n'kumaimba nyimbo za katemera. Mwezi wa Malichi atabwera anapeza panthambipo pali kale sikelo ina, ya amalume, yogulira mapeyala ndi nthochi kwa alimi a m'midzi ina. Amalume anawauza kuti nthambi zonse zili ndi eni ake tsopano, koma poti ndi a boma awachotserako pang'ono. A zaumoyo anakweza sikelo yawo panjinga n'kusamukira kutsidya la mtsinje, kumene sitikanatha kuwoloka ndi ana madzi atadzaza.

"Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, amalume," ndinatero.

"Amalondawo ndi ife, mphwanga," anayankha akuseka. "Sukulu yako ija inakuphunzitsa miyambi yokhayokha?"

Masiku otsatira ndinkangoyenda ndi maso. Khonde lathu amalume analibwereketsa kwa wa tchipisi, moti ndikafuna kukhala pakhomo panga ndinkapempha malo pambali pa chiwaya. Mthunzi wa mtengo anaugawa ndi mizere ya phulusa. Dzuwa likapendeka mthunzi n'kusuntha, pankabuka mlandu woti mthunzi wa uje walowa m'malo a uje. Chimbudzi chathu chinali ndi loko, kiyi ali m'khosi mwa amayi. Tsiku lina mayi woyandikana nafe anabwera kudzapala moto monga mwa masiku onse, ndipo ndinamva amayi akumufunsa kuti, "Khala limodzi kapena awiri?"

Chimene chinkandisowetsa mtendere kwambiri chinali njinga zamoto. Madalo anali atayamba kuyenda chogwira zinthu, ndipo bwalo limene ankakwawapo linali litasanduka msewu. Ndinapeza nzeru: ndikafuna kugwira ntchito ndinkamugoneka m'dengu lalikulu, momwe sakanatha kutulukamo, n'kuphimba pamwamba ndi chitenje chakale kuopa ntchentche za pa tchipisi.

Lachisanu linali tsiku la amayi a ku Limbe. Ankabwera ndi kalole kakang'ono kogula madengu athunthu. Dalaivala wake sankazimitsa injini, chifukwa ikazima inkafuna amuna asanu ndi mmodzi okankha, ndipo okankha pamsika pathu anali ndi mtengo wawo. Choncho malonda ankachitika mothamanga. Amalume anakhazikitsa lamulo loti madengu a ku Limbe azigulitsidwa otseka, ophimbidwa ndi masamba a nthochi kapena chitenje, wogula osatsegula. Ankati ndi pofuna kusunga nthawi. Tonse tinkadziwa kuti pansi pa dengu pankakhala timapeyala tonga mazira a nkhunda.

M'mawa wa Lachisanu limenelo amayi anandiitana. "Madzi atha mu ndowa, ndipo basi ya maliro ikubwera, anthu olira amamwa madzi kwambiri. Thamangira kumjigo."

Madalo anali atangogona kumene m'dengu. Usiku wonse anavutika ndi udzudzu, ndipo sindinafune kumudzutsa. Ndinapita kwa mng'ono wanga Lizzie amene ankagulitsa zinanazi.

"Lizzie, undionereko mwana, ndikubwera pompano."

"Kuona kokha kapena ndi kunyamula?"

"Wati chiyani?"

"Achemwali, musandiyang'ane choncho. Ndikamayang'ana mwana wanu, kasitomala wanga akumuyang'ana ndani? Kuona kokha n'kotchipa."

"Lizzie, ine ndinakubereka kumsana mpaka unandikodzera pa yunifolomu."

"Nthawi imeneyo kunalibe msika."

Ndinanyamula dengu langa mwakachetechete n'kukaliika pambali pa Elson, pamthunzi wa komiti. Iye anali pafoni, akukuwa kuti amve mnzake pamwamba pa phokoso la sipika yake yatsopano.

"Bambo a Madalo, mwana ali umu. Mwamva? Umu."

Anagwedeza mutu. Ndinabwereza kachitatu, anagwedezanso. Ndinapita kumjigo ndikucheuka. Pamzere panali anthu asanu ndi awiri. Ndili pamenepo ndinamva hutala ya kalole ka ku Limbe, ndipo ndinafuna kubwerera, koma ndinadzidzudzula ndekha: Cecilia, mantha akowa adzakupha.

Nditabwerera, pamthunzi wa komiti panali poyera. Elson anali akumwetulira.

"Make Madalo, lero ndiye lero! Ndimaganiza kuti madengu ndi asanu ndi limodzi, koma powerenga apezeka asanu ndi awiri. Mulungu akapatsa saimba lipenga."

Ndowa inagwa pamutu panga. Sindikumbuka kuti ndinakuwa chiyani, koma sipika inazimitsidwa, ndipo msika wonse unatembenuka.

"Lachitenje chobiriwira lija?" anafunsa Elson. "N'chifukwa chake linali lopepuka."

Ndinathamangira kwa Lackson, msuweni wathu wa kabaza, amene anali atakhala panjinga yake yamoto akutokosa m'mano.

"Lackson, tiye! Mwana wapita ndi lole!"

"Pepani kwambiri, asuweni. Zachisoni zedi. Koma ulendo wa ngozi mtengo wake ndi wina."

Ndinakwinya chitenje n'kuyamba kuthamanga m'matope kulowera ku Thuchila. Lackson analiza njinga n'kumayenda pambali panga pang'onopang'ono. "Chabwino, poti ndinu abale, ndachotsako. Asuweni! Nenani inuyo muli ndi zingati. Mafuta anakwera, si ine." Kumbuyo kwanga ndinkamva Elson akulira ngati mwana, amayi akuitana mayina a makolo athu onse, ndi phazi la anthu ambiri. Ine m'mutu mwanga munali chinthu chimodzi: pamwamba pa dengu lija asanjikapo dengu lina.

Tisanafike pamsewu wa tala tinaona kalole kaja kakubwerera, kakuliza hutala. Kutsogolo kunakhala Mayi Hawa, mkulu wa amayi ogula aja, mzimayi wathupi wa mpango wakuda. Pamiyendo pawo panali Madalo, nkhope yonse yobiriwira mpaka m'makutu, m'manja atagwira chikhokho cha peyala.

Ndinamulanda osapereka moni. Ndinamupapasa mutu, manja, miyendo, zala zonse. Anali wamoyo, wathunthu, ndipo anakwiya kuti ndamusokoneza kudya.

"Mwayi wake dengu lake linali pamwamba," anatero Mayi Hawa. "Tikufika pa Thuchila ndikumva katundu akuyetsemula. Zaka makumi awiri ndikugula mapeyala, sindinaonepo peyala loyetsemula. Ndinu make?"

"Ndine, mayi. Zikomo, zikomo."

"Mwanayu kwanu amadya? Ndinali ndi mapeyala awiri akupsa a nkhomaliro yanga. Wamaliza limodzi, ili ndi lachiwiri. Amachita kundiluma zala."

Anatikweza tonse, ndipo tinabwerera kumsika, Lackson akutitsatira kumbuyo akudandaula kuti wawotcha mafuta pachabe.

Amalume Pilato anatilandira pansi pa mtengo atatambasula manja. "Tithokoze Mulungu! Nkhani yatha bwino. Aliyense abwerere pamalo pake."

"Yatha bwanji?" anatero Mayi Hawa akutsika. "Ine ndalipira madengu asanu ndi awiri. Ndili ndi asanu ndi limodzi."

"Mayi, lamulo la msika uno mukulidziwa. Dengu lotseka likagulidwa silibwezedwa. Zimene mwapezamo ndi mwayi wanu."

"Ehe? Ndiye kuti mwanayu ndi wanga? Bweretsani kuno, ndikamulera ine. Kwanga adzanenepa."

Ndinam'fumbata Madalo mwamphamvu mpaka analira. Anthu anayamba kuseka, ena kung'ung'udza. Wometa tsitsi uja anakuwa kuti, "Lamulo ndi lamulo, atcheya!" Amalume anatuluka thukuta. Anamasula tayi pang'ono, kenaka nkhope yawo inawala.

"Chilungamo chilipo. Timuyeze mwanayu pasikelo. Makilo amene alemere, tikupatsani mapeyala a makilo omwewo. Palibe woba, palibe woberedwa."

"Mwana wanga si katundu!" ndinakuwa.

"Iwe si umalira sikelo mwezi wonse?" anatero amalume. "Nayi sikelo. Yaulere."

Ndinaima kaye. Kabuku ka kusikelo ndinali nako pomwepo; ndinkayenda nako m'chikwama cha m'chiuno tsiku lililonse ngati chithumwa. Ndinamanga chitenje mfundo ndekha, n'kumukhazika Madalo m'menemo, n'kukoloweka pa mbedza. Analendewera panthambi yopindika ya kum'mawa, pamalo pomwe ankalendewera kale, akunyambita chikhokho chake. Muvi wa sikelo unavina, n'kuima.

"Eyiti!" analengeza amalume mokondwa. "Makilo eyiti okha. Elson, tapa mapeyala a eyiti, osapitirira."

Ndinatsegula kabuku. Ndinawerenga mokweza monga tinkawerengera m'kalasi. "Febuluwale, pa nthambi yomwe ino. Makilo naini."

Pamsika panakhala bata. Ngakhale mafuta a m'chiwaya ankamveka kuthetheka. Elson anandiyandikira, maso ali ofiira, n'kundigwira phewa. Ankafuna kunditonthoza, ndikudziwa. Koma mwamuna wanga chigulireni sipika anaiwala kunong'ona.

"Usadandaule, make Madalo. Sikelo imeneyi imaba theka la kilo."

Alimi amene ankagulitsa katundu wawo pasikelo imeneyo anali pomwepo, madengu ali pamutu. Ndinawaona akutsitsa madenguwo mmodzimmodzi.

"Chabwino," ndinatero. "Sikelo yaba theka. Nanga theka linalo waba ndani?"

Ndinamutsitsa Madalo, ndipo pomunyamula m'khwapa, mkuzi wake unatsetsereka kudutsa m'matako, m'mawondo, n'kugwera pafumbi. Unali mkuzi umene amayi anapota okha mwana ali ndi miyezi itatu. Amayi anawerama n'kuutola. Anaukulunga pa zala zawo, akuyang'ana kabwalo kake kakang'ono, ndipo kiyi wa chimbudzi ankalendewera pachifuwa pawo.

Ndinamupereka mwana kwa Mayi Hawa, pakuti pa anthu onse amene anali pamenepo ndi iwo okha amene anamudyetsa. Ndinapita patebulo la Lizzie n'kutenga mpeni wa zinanazi. Lizzie anatsegula pakamwa, ndikuganiza kuti anafuna kunena mtengo wobwereka mpeni, koma ataona nkhope yanga anatseka. Ndinakwera pa benchi ya komiti n'kudula chingwe choyamba cha maneti. Kenaka chachiwiri. Pa chachitatu maneti onse anakhuthuka, ndipo mapeyala a masiku atatu amene anali paulendo anafika. Anagwa ngati matalala, pa matebulo, pa kaunjika, limodzi pamutu pa wometa tsitsi.

"Agwa pansi!" ndinakuwa. "Ana inu, agwa okha!"

Sindinadziwe kuti pamsika pathu panali ana ochuluka chotero. Anatuluka pansi pa matebulo, kuseri kwa matumba, kumisana ya amayi awo. Amalume sanathe kuwaletsa, chifukwa anali atazunguliridwa ndi alimi amene ankafuna kukambirana nawo za theka la kilo, ndipo wina anali atawagwira tayi.

Mayi Hawa anatenga mapeyala awo a makilo eyiti ndi theka, kalole kanapita. Ine ndinatola neti la Madalo, ndinalidziwa ndi chigamba chofiira, n'kukalichapa.

Msika sunathe. Kalavati anali asanakonzedwe, ndipo m'mawa mwake minibasi ya Muloza inamveka kutali nthawi yake yomweyo. Ndinali ndikukonza phala, Elson akusinja mtedza mumtondo mwakachetechete, mtedza umene anakagula yekha atagulitsa sipika kwa wa tchipisi. Kenaka kunja kunamveka kuti di!

Linali peyala lagwa lokha; kupatula dzulo lake, panali patatha sabata zambiri ndisanamve phokoso limenelo. Ndinataya chikombe n'kutuluka. Kuchokera mbali ina amalume Pilato analinso akubwera chothamanga, opanda tayi, dzanja limodzi litagwira thalauza. Anali pafupi kuposa ine.

Koma amayi, ngakhale bondo lawo limavuta, anali atafika kale. Anangokhala pansi n'kuliphimba ndi chitenje ngati nkhuku yofungatira.

"Mlongo, dzuka," anatero amalume akupuma mwaphuma. "Limenelo ndi lalikulu. La ku Limbe limenelo."

Amayi sanawayang'ane n'komwe.

"Lagwa lokha, achimwene," anatero. "Cecilia, bweretsa thumba la madeya."